Chitseko cha Galimoto ya Webster

A Fanwell Sakala sankalola kutchedwa wopenta. Wopenta, malinga ndi iwo, ndi munthu wa burashi amene amapaka laimu m'zimbudzi za kusukulu. Iwo anali dokotala wa mabodi a galimoto, ndipo chikwangwani cha pagalaja yawo ku Kalingalinga chinkanena zomwezo m'zilembo zikuluzikulu, kuti odutsa asavutike n'kuganiza okha. Ankavala jasi loyera lofika m'mawondo, m'thumba la pachifuwa muli zolembera zitatu, ngakhale panalibe munthu amene anawaonapo akulemba kanthu.

Ntchito ankaidziwa, zimenezo tisawalande. Munthu akabwera ndi galimoto yotupa penti, ankayamba amuimika padzuwa n'kumulalikira. Dzimbiri, ankatero, silibwera kuchokera kunja ngati mlendo. Limabadwira mkati, pamene madzi alowa n'kusowa potulukira. Limadya chitsulo mwakachetechete, ndipo penti imakhala yomaliza kumva uthenga, ngati wachibale wakumudzi wopanda foni. Ukaona chithuza pamwamba, dziwa kuti pansipo maliro anachitika kale. Wopopera penti pamwamba pa dzimbiri, ankamaliza motero, ndi wovala suti asanasambe. Ulaliki ukatha m'pamene ankayang'ana galimotoyo.

Mng'ono wawo Webster yekha ndiye sankaopa jasi loyeralo. Webster ankayendetsa takisi yake, kagalimoto koyera kokalamba, ndipo masana ankakonda kuima pagalaja, mkono ukulendewera kunja kwa windo, n'kuliza huta kawiri, n'kufunsa ngati adokotala apulumutsa odwala lero kapena onse apita kumochale. Abale awiriwa anayamba kukangana ali ana ku Katete: za mpira, za tchalitchi, za amene anathyola njinga ya bambo awo. Sanagwirizanepo pa chilichonse, ndipo sabata silinkatha asanaonane.

Webster anamwalira mu Januwale, atadwala pang'ono chabe, mvula ili pachimake. Amene anakhalapo ku Kanyama, kumene Webster ankakhala, nthawi ya dzinja akudziwa kuti kumeneko madzi sadutsa, amachita lendi. Anthu anafika pamaliro akudumpha pa njerwa ndi matayala akale, azimayi atakwinya zitenje, abusa atavala majombo. Galimoto inali pabwalo pamene mwiniwake anaisiya tsiku lomwe anadwala, madzi atafika m'munsi mwa zitseko, windo la kwa dalaivala litatseguka mpata wa zala ziwiri, chifukwa silinkatsekeka bwino kuyambira kale.

Towela, mkazi wa malemuyo, anapempha kuti galimoto ikankhidwire pouma, kapena ifundidwe pulasitiki. Akuluakulu anakana. Katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka banja litakhala pansi n'kumugawa, ndipo banja silingakhale pansi popanda amalume a ku Katete, amene anatumiza mawu akuti abwera akatha kupalira. A Fanwell anaona madziwo, anaona windolo, ndipo anadziwa bwino lomwe zimene zinkachitika mkati mwa chitsekocho. Anayang'ana kumbali. Munthu wodera nkhawa kwambiri galimoto ya malemu, msonkhano usanachitike, anthu amamuwerenga.

Amalume anapalira, anathira feteleza, anadikiranso kuti aone ngati chimanga chabereka. Pamene ankafika mvula inali ikutha. Pamsonkhano banja linasankha a Fanwell kukhala adiministireta, woyang'anira zosiyidwa, ndipo iwo analandira udindowo ataimirira, dzanja lili pa zolembera. Analankhula nthawi yaitali za ana awiri a malemu ndi tsogolo lawo, kenako anati galimoto apita nayo kwawo ku Mtendere kuti akaisunge pouma. Towela anali pamphasa, duku lakuda kumutu. Anadzuka, anatenga makiyi m'nyumba, anawapereka ndi manja awiri atagwada.

Sabata lomwelo galimoto inasintha mtundu, kuchoka koyera kupita kofiirira ngati chakumwa cha pa mgonero. A Fanwell ankafotokozera aliyense kuti kumeneko n'kuteteza chitsulo. Kalingalinga yonse inkavomera ndi mutu, chifukwa Kalingalinga yonse inkadziwa kuti galimoto yosungidwa ikasintha mtundu sibwereranso kumene inachokera. A Fanwell nawonso ankadziwa. Anali asanakhalepo ndi galimoto yawoyawo chibadwire, iwo amene anakonza za anthu ambirimbiri, ndipo ankaona kuti Mulungu wangokonza cholakwika chakale.

Panali tinthu ting'onoting'ono tosasangalatsa. Mpando wa dalaivala unakana kusuntha, unauma pamene miyendo yaitali ya Webster inausiya, moti adokotala ankayendetsa atatsamira pilo. Akaliza huta pamsewu, anthu osawadziwa ankatembenuka akumwetulira, dzanja lili m'mwamba, kenako nkhope n'kugwa. Ndipo akamenyetsa chitseko, mkati mwake munkamveka kanthu kakuyoyoka pang'onopang'ono, ngati munthu akusuntha phazi pamchenga.

Chithuza choyamba anachiona ndi Kabaso, wowotcherera zitsulo amene shedi yake inali yogundana ndi galaja. Anachotsa magalasi ake akuda, anagwada, n'kuloza m'munsi mwa chitseko cha dalaivala, pamene penti yatsopano inatupa malo anayi ondandalikana.

"Ba dokota, wodwala wanu wachita vipele," anatero. Anadina chimodzi ndi chikhadabo, chinaphulika, munatuluka timadzi tofiira. "Ni ba Webster aba. Bagogoda. Mubasegulileko."

Anthu a m'mashedi anaseka, a Fanwell nawo anaseka mochedwerapo. Lamulungu masana, anzawo ali kutchalitchi, anapala malowo pamwamba pokha, anamata fila, phala lija lobisira zipsera za chitsulo, anasalaza ndi sandipepa, n'kupopera penti. Ankadziwa kuti akuvala suti asanasambe. Koma kukonza kwenikweni kunkafuna kumasula chitseko n'kuona mkati, ndipo pa chifukwa chimene sanafune kuchifunsa, manja awo sankafuna kulowa mmenemo.

Mwezi usanathe zithuza zinabwerera pamalo omwewo, zitabwera ndi zinzake.

Ulendo uno panalibe kothawira, chifukwa makasitomala anayamba kuyang'ana chitsekocho nthawi ya ulaliki. Anamasula chibodi chamkati masana, anthu akuona. Pansi pa chitseko panali matope a ku Kanyama, akuda, ouma pamwamba koma onyowa pansi. Atawakumba ndi sikuludalaiva anapeza kuti theka lake si matope ayi, ndi makoko a mtedza. Webster ankadya mtedza podikira makasitomala, ndipo zaka zonsezo makoko ankagwera mumpata wa windo, mpaka anatseka timabowo tapansi totulutsira madzi. A Fanwell anakhala pa chitini cha penti makokowo ali m'manja. Ena anali ndi pamene panalowa chala poswa. Anakhala choncho mpaka Kabaso anafunsa ngati awotcherere lero kapena adikire kuti adokotala amalize kudya.

Anagwira ntchito imene akanatha kuionetsa pa chionetsero. Anadula chitsulo chonse chodyeka mpaka pamene chinayamba kuwala, Kabaso anawotcherera chigamba chatsopano, anapaka pulayima, penti yoyamba yoteteza chitsulo, kunja ndi mkati, anatsegula timabowo ndi waya, m'munsimo anathiramo oyilo kuti madzi asagwire. Anaitanitsa anthu kuti aone matope ndi makoko aja pa nyuzipepala. Palibe mzimu pano, anatero, pali madzi, mtedza ndi ulesi wa munthu wosatseka windo. Pomaliza mawuwo anadikira pang'ono, monga ankachitira kale, kuti wina awayankhe mwachipongwe. Panalibe anayankha.

Kenako kunabwera Juni. Kumwamba kunauma, fumbi linadzaza m'misewu, milomo ya anthu inang'ambika. Mvula inali itaiwalika, ndipo ku Mtendere madzi a pampopi ankabwera mwa apo ndi apo. M'mawa wina a Fanwell akupukuta galimoto, nsalu inakodwa pa kanthu. Zithuza zinali zitabweranso. Sizinali m'munsi, pamene panali chigamba. Zinali pamwamba penipeni, m'mphepete mwa windo, zitatalika kuchokera pamene chigongono cha munthu chimatsamira mpaka pamene dzanja limalendewera.

Anamasula chibodi tsiku lomwelo, ali yekha kuseri kwa galaja. Mkati munalibe matope, munalibe makoko, timabowo tinali totseguka. Koma chitsulo chinali chonyowa, chikuchita thukuta m'mwezi wopanda mvula, ndipo dzimbiri linali lofiira, latsopano, lothamanga kuposa lililonse limene analionapo pa ntchito yawo. Anabwezera chibodi osakonza chilichonse.

Kuyambira pamenepo ulaliki unafupika, kenako unatha. Ankaimika galimoto chitseko cha dalaivala chitayang'ana kukhoma. Ankalowera mbali inayo n'kudumpha giya, jasi litakwinyidwa. Tsiku lina pa maloboti anazindikira kuti mkono wawo uli kunja kwa windo, ukulendewera, zala zikugogoda chitsulo, iwo amene sanayendetsepo motero. Anaubweza msanga, ndipo pa malaya panali patadinda mzere wofiira. Mawa lake anasiya galimoto kunyumba n'kukwera basi. Kwa akazi awo, Virginia, anati akusunga matayala.

Maganizo obweza galimoto anawafikira nthawi imeneyo, koma anawakana. Kubweza chifukwa cha mantha kukanakhala kuvomera pamaso pa Kalingalinga kuti dzimbiri lagonjetsa dokotala, ndiponso kuti Webster wapambana mkangano ali m'manda. Zimenezo ayi. Anasankha kuonda.

Chinsinsi chinaululika chifukwa cha jasi. M'mawa wina anafika pokwerera basi n'kuona kuti aliiwala pa chingwe, ndipo poti sakanatha kuonekera pagalaja ngati munthu wamba, anabwerera. Atalowa pageti anapeza Virginia ataima pambali pa galimoto, chitenje chili m'chiuno, maso atatsinzina, milomo ikuyenda. M'manja anali ndi chibotolo cha pulasitiki, ndipo ankathira madzi pang'onopang'ono pagalasi la windo la dalaivala, madziwo n'kumatsikira mumpata, kulowa mkati mwa chitseko.

A Fanwell analanda botolo, ananyowetsa chala, analawa. Unali mchere, wambiri woti n'kuumitsira nsomba.

Virginia sanachite manyazi. Anafotokoza kuti nthabwala ya Kabaso inayenda mpaka kufika kwa azimayi a pampopi, ndipo pofika kumeneko sinalinso nthabwala. Mayi wina anamutengera kwa mneneri wa kuseri kwa msika, amene anati womwalira wosakhutira amathamangitsidwa ndi madzi opempherera osungunuliramo mchere wamiyala, kuthira pamene akuonekera, m'mawa uliwonse. Virginia anayamba kuthira madziwo chitseko chitangokonzedwa kachiwiri, kuti mlamu wakeyo asabwerenso. Ataona kuti wabwera ndithu, anawonjezera mchere.

"Manje munafuna nichite bwanji, batate ba Karen?" anafunsa, akuwatchula ndi dzina la mwana wawo. "Nikhale chabe, nitambe munthu akwela chitseko?"

A Fanwell anaseka mpaka anakhala pansi pa sitepe, misozi ikutuluka. Tsiku limenelo anapita ndi galimoto kuntchito, analowera khomo la dalaivala, ndipo ulaliki unabwerera utanenepa. Madzi okha amadya chitsulo ngati mbuzi, ankatero tsopano, koma madzi a mchere amadya ngati dzombe. Ankaonetsa botolo lija kwa aliyense, ngakhale kwa amene anangobwera kudzafunsa njira. Anatsuka mkati mwa chitseko ndi madzi oyera kambirimbiri, anachiyanika padzuwa mpaka chinauma gwa, anadula, anawotcherera, anapaka, anasintha ndi labala ya windo. Atamaliza, munthu ankatha kumeta ndevu akudziyang'anira pachitsekocho.

Mphepo ya Ogasiti inadutsa. Dzuwa la Okutobala linawotcha mpaka phula kufewa. Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri, yachitatu. Chitseko chinakhala chosalala. Akachimenyetsa chinkangoti phi, mkati osamveka kanthu. Galimoto inali yawo tsopano, ndipo panalibe wamoyo kapena wakufa amene ankatsutsa.

M'mawa uliwonse ankayendetsa chikhatho pachitseko, kuyambira pawindo mpaka pansi. Poyamba ankati akuyendera ntchito yawo. Koma kuyenderako kunayamba kutalika. Ankagwada, ankayang'ana chammbali kuti dzuwa liwaonetse ngati pali potupa, ankadina ndi chikhadabo apa ndi apo. Akapeza kanthu mtima unkagunda, ndipo kakakhala kachitosi ka mbalame kapena kamchenga, ankaimirira ndi chinthu cholemera pachifuwa chimene sichinali mpumulo. Masana, nthawi imene takisi yoyera inkakonda kuima pagalaja, ankapezeka atasiya ntchito, akuyang'ana kumsewu.

Bambo awo ku Katete anali munthu wa mkwapulo ndi mawu ambiri, ndipo ana sankaopa zimenezo kwenikweni. Chimene ankaopa chinali china. Bamboyo akatopa nawe zenizeni ankasiya kukukalipira. Ankakudutsa pakhomo ngati mtondo, ankakupatsira mchere patebulo osakuyang'ana. A Fanwell anakumbukira zimenezi ali chigwadire pambali pa chitseko chosalalacho. Miyezi yonse ya zithuza ija ankaopa, inde, koma m'manthamo munali mng'ono wawo, akuwatsutsa monga mwa masiku onse. Tsopano anali atatsimikizira dziko lonse kuti anali matope, mtedza ndi mchere, ndipo dziko linavomera. Webster anali chete, chete wa munthu amene wakuona zimene wachita ndipo alibenso nawe mawu.

Loweruka lina masana, Virginia ali kumsika, anapezeka ali kukhitchini, dzanja lili m'chitini cha mchere, kapu ya madzi ili patebulo. Sanakumbuke kuti anaganiza liti zimenezo. Anayang'ana mcherewo m'chikhatho nthawi yaitali. Kenako anaubwezera m'chitini, anasasa manja, anavala jasi, anatenga makiyi.

Ku Kanyama anapeza Towela pakhonde akukazinga vitumbuwa zogulitsa, duku lakuda atalivula kale. Anazimitsa injini, anatsika, anakonza zolembera. Mawu anali atawakonzeratu m'njira. Anati monga adiministireta wosankhidwa ndi banja, akudziwitsa kuti ntchito yosamalira katundu wa ana yatha bwino, ndipo katunduyo akubwezedwa ali bwino kuposa mmene anatengedwera. Towela anapitiriza kutembenuza vitumbuwa. Iwo anaonjeza malangizo: galimoto isagone m'madzi, kunsi kuzitsukidwa matope akauma, timabowo ta pansi pa zitseko tizitsegulidwa ndi waya mvula isanayambe, penti ikakandika pazipakidwa msanga, dalaivala amene apezeke asadyere mtedza pawindo, ndipo mchere, wopempherera kapena wosapempherera, usayandikire.

Towela anapukuta manja pachitenje, analandira makiyi ndi dzanja limodzi, n'kuwaika m'mbale ya pambali pake. Anayang'ana galimoto kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Mwachedwako, ba mulamu," anatero. "Benze banakamba kuti muzabweza mvula ikalibe kuyamba."

A Fanwell anafunsa kuti ndani.

"Ba Webster. Ku chipatala." Anachotsa vitumbuwa m'mafuta chimodzichimodzi. "Banati, ba Fanwell bazatenga motoka, iwe osalimbana nabo, ubapase chabe makiyi. Zaka zonse nibapempha penti, bakamba mailo, mailo, mawa yosafika. Nikafa ndiye bazaipenta bwino, mahala, kopanda kulipila. Elo bazabweza beka, mutima wabo ni waung'ono, siukwanisa kusunga chinthu cha munthu."

Adokotala anatsegula pakamwa. Yankho linabwera lokha, lathunthu, lakuthwa, monga linkabwerera zaka zonse: kuti galimotoyo Webster sanaibweretsepo pa tsiku limene anauzidwa, kuti munthu wodya mtedza ngati gologolo alibe ufulu wonena za mitima ya anzake. Linafika pamilomo, ndipo panalibe womuuza. Anameza. Kwa nthawi yoyamba chichokereni ku maliro aja anamva kuti akupuma mpaka pansi.

"Banakamba chani china?" anafunsa, mawu atatsika.

Towela anaganiza, supuni ili m'mwamba. Anati palibe. Anati Webster atanena zimenezo anapempha madzi, anamwa pang'ono, n'kugona.

A Fanwell anaimabe pamenepo. Anafunsanso ngati akutsimikiza, ngati panalibe kena kakang'ono, ngakhale kachipongwe. Towela anati akakumbukira adzawauza. Anakulunga vitumbuwa ziwiri m'pepala n'kuwapatsa, ndipo iwo anaziika m'thumba la jasi, mafuta n'kuyamba kudinda pansalu yoyerayo. Anatuluka pageti wapansi. Kumadzulo mitambo inali itada, ndipo pokwerera basi panali patali.